Tsiku Limene Anawaza Masamba Pakhomo la Holo

"Amayi, kodi zithunzizi sizikukumvetsani chisoni?"

Anandifunsa choncho Dalitso, mwana wanga chitsiriza wakhala apoyu, sabata ija anabwera ndi zithunzi zake n'kuziyala pa tebulo: dziwe losambiramo lopanda madzi cha ku Namiwawa, bwalo la tenisi lomera nsenjere ku Limbe, nyumba ya kanema yokhomedwa matabwa m'mazenera. Tsiku limenelo sindinamuyankhe, ndinangoti ndizokongola. Koma poti lero mwabwera nonse, anzake a makamera, ndipo tiyi mwamwa, khalani pansi ndikuyankheni, chifukwa ine chithunzi cha mtundu umenewu ndinakhalamo m'kati mwake.

M'zaka za Chitaganya, ana inu, ku Soche kuno nyumba zinali zowerengeka, ndipo phirilo linali ndi mitengo, osati chipalamba mukuchionachi. Kuseri kwa msika kunali kaholo kathu kamene tinkakatchula kuti Pa Mbawa, chifukwa cha mtengo wa mbawa umene unali pakhomo. Njerwa zake tinaumba tokha, amayi kutunga madzi, abambo kuponda dothi, boma linangoikapo malata ndi loko. Kumakalabu a azungu, kumene mukukajambula lero mukuti kukumvetsa chisoniko, ife tinkalowera kukhitchini ngati tili pantchito, apo ayi osayandikirako n'komwe. Choncho dansi wathu, baisikopo yathu, nkhonya za anyamata ndi kalasi ya amayi yosoka, zonse zinali Pa Mbawa. Bambo ako, Dalitso, anandipondera phazi m'menemo ndisanawadziwe dzina.

Ndiye chinafika chaka chija ankatola anthu m'mamawa n'kuwakweza m'malole. Amuna anga, bambo ake a Dalitso, anali kalaliki, ndipo mlandu wawo unali wakuti anakhala pampando wakutsogolo pa msonkhano wina m'holomo. Anawatenga. Holo anaitseka ndi tcheni. Pasanapite nthawi nanenso anandiuza kuti nyumba tinkakhalayo ndi ya wogwira ntchito, ndipo wogwira ntchitoyo kulibe, ndinyamuke ndizipita kumudzi. Mwana wanga Esinala, mkulu wanu, anali wa kumsana, mano akungoyamba kumera. Kumudzi sindinafune, chifukwa nkhani za omangidwa zinkamvekera ku Limbe, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangokwera basi sindidzadziwanso ngati amuna anga ali moyo. Ndinali nditafika sekondale ya mishoni, Chingerezi ndinkachimva bwino lomwe, koma Chingerezi sichifunditsa munthu.

Mlonda wa holoyo anali a Namakhwa, bambo wachikulire wa imvi m'mbali, amene makolo awo anawoloka malire kuthawa thangata la Apwitikizi. Anali Mkatolika wa korona m'thumba, ine wa Presibiteriyani, ndipo kudziwana kwathu kunali moni basi. Anandipeza nditakhala pa katundu wanga patsinde pa mbawa.

"Amake mwana, mukudikira basi? Pano basi siidutsa."

"Ndikupuma, bambo."

"Kupuma ndi mtondo, mphika ndi mphasa? Ndiye mwatopadi."

Sanafunsenso china. Ananyamula mtondo, nanditsogolera kuseri kwa holo, kumene kunali kachitseko ka chipinda chimene ovina ankavaliramo, kumbuyo kwa siteji.

"Makiyi akutsogolo ali ndi bwana," anatero, "koma bwana anaiwala kuti nyumba imakhalanso ndi kumbuyo. Utsi masana ayi. Matewera muziyanika m'kati, pa waya wa katani. Akakupezani, inu lole ya kumudzi, ine ntchito yatha."

Mudziwe, ana inu, kuti nthawi imeneyo anthu sankafunsa zambiri monga muchitira masiku ano, koma ankaona. Amayi a m'dera ankadutsa ndi madengu ngati akupita kumsika, ndipo pansi pa mpiru pamakhala kambale kovundikira. Mayi wina amene tinakanganapo pa mpopi anandisiyira sopo pazenera osanena kanthu. Ndipo m'mawa uliwonse, monga ankachitira holo isanatsekedwe, ankabwera ndi matsache kusesa bwalo, chifukwa kwa ife pakhomo posasesa ndi bwinja, ndipo holo imene tinaumbira njerwa sitikanalola kuti itchedwe bwinja. Poti kuseri kunali munthu ndi khanda, ankasesa mpaka pa kachitseko kanga, n'kuwazapo madzi kuti fumbi lisalowe. Tonsefe, ngakhale a Namakhwa, palibe anaganizapo kuti tsache lingatiulule. Tinabisa utsi, tinabisa matewera, koma bwalo linkachita kuwala.

Tsiku lina dzuwa litakwera ndinamva galimoto. Ndinalowa m'holo n'kusuzumira pa mng'alu wa thabwa la zenera lakutsogolo, ndipo ndinaona bwana woyang'anira maholo, makiyi ali lende m'manja, ndi mzungu wina wochokera ku Halale atanyamula kamera ya miyendo itatu. Sanali munthu wankhanza ayi, ndinene zoona. Anapereka moni kwa a Namakhwa, anawapatsanso ndudu. Koma ataimika kamera yake anapukusa mutu, ndipo ndinamumva bwinobwino akuuza mnzakeyo m'chinenero chawo kuti pamalopo mpoyera kwambiri, sipakuoneka ngati posiyidwa, chithunzi sichikhala ndi mtima.

"Akusesa pano ndani?" anafunsa bwana uja m'Chinyanja chake chokhotakhota.

"Ndine, bwana."

"Iwe ndi mlonda, si mkazi."

"Usiku ndi wautali, bwana, manja amayabwa."

Bwanayo sanaseke. Anayang'ana pansi, ndipo mizere ya tsache inali kuoneka bwino m'dothi lonyowa, kuchokera pa mbawa, kuzungulira pangodya, kulunjika ku kachitseko kanga. Anayamba kuitsata pang'onopang'ono ngati mlenje. Ine ndinakhala pansi, Esinala ali pa bere, ndipo ndinkamva nsapato zikuyandikira.

Apo a Namakhwa anapita kwa wa kamera uja, navula chipewa.

"Bwana akufuna zinyalala? Zilipo zambiri kudzala. Ndibweretse?"

Atamumasulira, munthu uja anakondwa ngati mwana. Anaitana mnzake kuti abwere amuthandize kuona pamene masamba agwere bwino. Ndipo bambo wa imvi uja anatenga thumba, napita kudzala kumene amayi ankataya zosesa, nabwera nazo n'kuyamba kuwaza pakhomo la holo yathu. Inu a masiku ano mwina simukumva kulemera kwake. Kutaya zinyalala pakhomo la munthu kunali kutukwana, anthu ankatengerana kubwalo pa zimenezi, ndipo iwowa anali bambo amene ankatolera ngakhale kapepala ka switi pabwalopo. Anawaza pa masitepe, anawaza pa khonde, ndipo thumba lachiwiri anakalikhuthula pangodya paja mpaka mizere yonse inakwiririka.

Esinala analuma bere, nalisiya, n'kuyamba kulira. Ndinamutseka ndi nsalu, koma mukudziwa mawu a mkulu wanu, mpaka lero akaimba kwaya ena onse samveka. Pomwepo a Namakhwa anayambitsa nyimbo ya Chilomwe, mokuwa, mosalongosoka, mapazi akukokera m'masamba ouma kuti phokoso lichuluke. Azungu aja anaseka, nati mdalayu waledzera. Iwo anaimbabe mpaka mwana anagwiranso bere.

Zimene zinatsatira ndi zimene zimandiwawa mpaka lero. Wojambulayo anawauza a Namakhwa kuti amasule thabwa la zenera limodzi kuti lilendewere. Anagubuduza benchi imene amayi ankakhalapo posoka. Anadikira kuti mtambo uphimbe dzuwa, chifukwa kuwala kunkasangalatsa malowo mopitirira. Kenaka anawakodola a Namakhwa ndi dzanja kuti achoke kutsogolo, akuti munthu awononga chithunzi. Bwana uja anafunsa ngati atsegule aone m'kati, koma wa kamera anakana. Chimene ankafuna chinali tcheni ndi loko zili chotsekera. Ndinapulumuka, ana inu, osati chifukwa anandimvera chisoni, koma chifukwa loko anali wokongola kwa iye kuposa chilichonse chimene chikanakhala kuseri kwake.

Galimoto itapita, a Namakhwa anagogoda.

"Mwanayu adzakhala mlaliki wa kwanu kuja," anatero. "Akatolika sitikuwa choncho."

Kenaka anatenga tsache la amayi n'kusesa okha bwalo lonse.

Patapita masabata ndinapita m'tauni kukafunsa za bambo anu, ndipo pa msewu waukulu wa Blantyre, m'zenera la sitolo ina imene ife tinkagulira pa kawindo ka m'mbali, ndinachiona. Anachikuza, anachiika m'felemu. Ndisakunamizeni, chinali chokongola. Mbawa yakuda, mtambo wolemera, masamba mbwee, benchi ili chagada, ndipo aliyense wochiyang'ana akanamva ngati pamalopo anthu anafa kalekale. Pansi pake analemba m'Chingerezi mawu otanthauza kuti iyi ndi holo imene anamangira Afirika, koma eni ake anaisiya. Anaisiya! Ife amene anatitsekera kunja ndi tcheni. Dona wina anaima pambali panga, nauza mnzake kuti chithunzicho chikumukhudza mtima, n'zomvetsa chisoni kuti anthuwa sasamala zinthu. Zenera lachitatu kuchokera kumanzere, limene iye ankaliyang'ana ndi maso achifundowo, kuseri kwake kunali ine ndi mwana kukamwa kotsekedwa ndi nsalu.

Sindikudziwa nkhope yanga inkaoneka bwanji, koma mayi wina wogulitsa nthochi, amene sindinamuonenso, anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti, "Tiyeni, achemwali, galasili likasweka adzati ndinu." Anandipatsa nthochi kuti ndipatse mwana, nandiperekeza mpaka pa mphambano.

Chithunzi chija chinagwira ntchito yake. Akuluakulu atachiona pa msonkhano wawo anati holo yosagwiritsidwa ntchito isanduke nkhokwe ya simenti, ndipo nkhokwe ikhala ndi alonda a kampani. A Namakhwa anawachotsa. Anabwera kudzandiuza ngati akunena za mvula, nanyamulanso mtondo wanga mpaka ku Manja kwa mlamu wawo, kumene ndinakhala kufikira bambo anu atatuluka. Ndinkati ndiwathokoze, iwo n'kundidula kuti, "Chaona mnzako chapita, amake Esinala." Kenaka anasowa. Ena ankati anabwerera ku Mulanje, ena ankati ali ku Limbe.

Ndiye ukandifunsa za chisoni, mwana wanga, chisoni chilipo, koma ndimayamba ndafunsa kuti ndi cha yani. Dziwe lija wajambula, ine sindinaloledwe kuviikamo ngakhale chala, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, alilire amene ankasambiramo. Sindikuti musiye kujambula ayi, maso muli nawo abwino kuposa a mzungu uja, ndipo nyumba zimenezi zikagwa padzafunika wokumbutsa. Koma mukafika pamalo pamene mukuti mposiyidwa, yambani mwazungulira kuseri. Onani ngati pali posesa, pali phulusa, pali chingwe choyanikapo. Mukapeza munthu mupatseni moni, mumufunse ngati akufuna kuoneka kapena ayi, ndipo musamuchotse kutsogolo chifukwa chakuti akukuonongerani mtambo.

A Namakhwa ndinawapeza Chitaganya chili pafupi kutha, bambo anu atabwerera pantchito, tili kale m'nyumba ino. Ndinali ku Limbe kukagula nsalu, ndipo pa khonde la sitolo ina ndinaona mdala atakhala pa katoni, bulangete lili m'khosi, akutsokomola. Akazi awo anali atamwalira, ana anali ku migodi, ndipo iwo ankanyamulira anthu matumba kumsika mphamvu zikalola. Anandizindikira, nayesa kuimirira, koma ndinagwada msanga kuti asavutike. Ndinkadziwa kuti ndikanena zowathandiza akana, chifukwa anali munthu wosafuna kumveredwa chisoni.

"Bambo, kwathu ku Soche akuba atisautsa. Kuseri kwa nyumba kuli kachipinda, koma kakusowa munthu wodziwa kulondera."

Anakonza bulangete lawo m'khosi.

"Akuba kwa kalaliki? Akuba chiyani, mapepala?"

"Nkhuku."

"Muli nazo nkhuku, amake Esinala?"

"Tigula."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, napukuta maso ndi bulangete. Kenaka anapinda katoni yawo bwinobwino, naisiyira mnzawo wa pakhondepo, ndipo tinayenda pang'onopang'ono kupita kokwerera basi. Kachipinda kameneko ndi kamene umatsukiramo zithunzi zako, Dalitso. Anakhalamo mpaka tinawaperekeza kumanda. Nkhuku tinagula m'mawa mwake.