Munthu Wobisa Nkhope wa ku Mapiri a Lesotho

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, achinyamata inu kumbuyoko, monire mose. Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu. Aleluya!

Ndaima pano ndikufuna kuchitira umboni. Ambiri mumandidziwa, ndine Nyirenda wa ku Mzilawaingwe, dalaivala uja amakhala pafupi ndi chitseko. Abusa akudziwa kuti zoyankhula kutsogolo kuno si mbali yanga. Chichewa changa chikathawira ku Chitumbuka, mungondikhululukira. Koma chimene Mulungu anandichitira mwezi wa Julayi wapitawu, ayi, ndikachikhalira chete ndichimwa.

Ine ndinayendetsa malole zaka zambiri pa msewu wa ku Karonga. Chiweta, phiri la makona oopsa lija, ndamutsika ndi simenti, ndamukwera ndi mpunga, pa mvula, pa chifunga. Kenako ndinalowa ntchito pa banja lina la ku Lupaso, ndipo chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi ndili nawo. Bwana wanga ndi madamu ali pompano, akhala apo pa mzere wachitatu ndi ana awo awiri, Tawonga ndi Wezi. Anawa ndinayamba kuwatenga kupita kusukulu miyendo yawo isanafike pansi pa mpando.

Ndiye abale, ine ndinali wonyada. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, ndinali wonyada chomene. Munthu akayamba kundiuza za msewu, ndinkangomuyang'ana, mumtima ndikuti, iwe unamutsikapo Chiweta ndi matani makumi atatu kumsana?

Tawonga atakhoza mayeso, bambo ake anamufunsa mphatso imene akufuna. Mwana uja sanatchule foni, sanatchule diresi. Anati akufuna kukaona chipale chija chimagwa ngati ufa kumayiko ozizira, akatsetserekepo atavala timatabwa kumapazi monga amaonera pa TV. Ine ndinkaganiza kuti zimenezo n'za ku Ulaya. Osadziwa kuti kuno konkuno kwathu ku Africa, ku mapiri a Lesotho, kupitirira Joni, zimachitika.

Bwana anati tipite pa galimoto, kuti tikaonenso mlongo wawo ku Joni. Mukudziwa inu, wa kwathu sangapite ku Joni chimanjamanja. Kumbuyo kunadzaza mpunga wa ku Karonga, ufa, usipa, mpaka kondowole. Musaseke amayi, inunso mukanatumiza kathumba mukanamva.

Tisananyamuke, mlamu wanga amene wagwira ntchito ku Joni zaka zambiri anabwera kunyumba kudzandilangiza. Anati, "Alamu, kumene mukupitako si ku Ekwendeni. Mukaona munthu wabisa nkhope akukuimitsani pa msewu, musaime. Ngakhale agone pa tala, musaime. Khomani zitseko, pondani moto." Mawu amenewo okha ndi amene ndinawasunga, chifukwa anagwirizana ndi mantha amene ndinali nawo kale.

Tinapemphera, tinanyamuka. Chikangawa, Lilongwe, boda ya Dedza, kutentha kwa ku Tete, Zimbabwe yense, mzere wautali wa pa boda yolowera ku Joni. Masiku anayi tili pa msewu, tayala osaphulika ngakhale limodzi. Tinapuma kwa alongo a bwana aja masiku awiri, kenako tinalowera ku Lesotho.

Abale anga a Mzuzu, ife timadzitama kuti timadziwa kuzizira. Tikaona a ku Nsanje akunjenjemera pa depoti timawaseka. Lekani. Kuno kulibe kuzizira. Kumeneko ndinavala majuzi awiri ndi jekete, koma mano amangogundana okha. Mapiri ake ataliatali, opanda mtengo, pamwamba pali mbuu. Pa boda wapolisi wina anandiuza kuti kumtunda ndikayende pang'onopang'ono. Ndinamuyankha mwaulemu, koma mumtima ndinati, uyu sadziwa Chiweta.

Inali cha m'ma teni koloko m'mawa, dzuwa lili bwinobwino. Tinali titakwera phiri lalitali, tayamba kutsetsereka mbali inayo. Bwana anali pambali panga akuyang'ana mapu pa foni. Madamu ndi ana anali kumbuyo. Kutsogoloko, msewu usanakhote kulowa mu mthunzi wa phiri, ndinaona munthu ataima m'mphepete. Wafunda bulangeti, wavala majombo, ndodo ili m'manja. Kumutu wavala chipewa chaubweya chophimba nkhope yonse, kusiya maso okha. Atationa analowa mu msewu, akukweza ndodo ija, dzanja linalo akulitsitsa pansi, akulitsitsa pansi.

Mtima wanga unati, ndi yemweyu ananena alamu aja.

Ndinakhoma zitseko zonse. Sindinafunse bwana, sindinauze munthu. Ndinaponda moto. Abale, ndinaponda moto molunjika munthu wa Mulungu. Anadumphira kumbali, ndinamuona pa galasi akugwa ndi bondo pa miyala. Ndipo ine ndinasangalala. Mukundimva? Ndinasangalala, ndinati ndapulumutsa banja.

Sitinayende mtunda wochokera pano kukafika pa msewu apo. Titangolowa mu mthunzi muja, chiwongolero chinapepuka m'manja mwanga ngati chathyoka. Tala imaoneka yakuda bwinobwino, koma pamwamba pake panali madzi oundana, oterera kuposa sopo. Ndinaponda buleki. Zaka zonse zija za pa Chiweta zinandiuza kuti ponda buleki, ndipo buleki ndi imene inatimaliza. Galimoto inazungulira, inazunguliranso, ana akukuwa, madamu akuitana Yesu. Kenako ndinamva chitsulo chikukhula miyala pansi pathu, ndipo tinaima.

Tinaima titayang'ana kumene tachokera. Matayala akutsogolo anali pa msewu. Akumbuyo, abale, akumbuyo kunalibe chimene anaponda. Mimba ya galimoto inakhala pa miyala ya m'mphepete, ndipo kumbuyo konse, kumene kunali madamu ndi ana, kunali lende pamwamba pa phompho. Nditayang'ana pa galasi ndinaona mtsinje pansi penipeni, waung'ono ngati ulusi. Wezi atangosuntha kuti agwire mayi ake, galimoto inagwedezeka, mphuno ya galimotoyo inadzuka pang'ono.

Ana a eni. Ana amene makolo awo anandikhulupirira zaka zisanu ndi zinayi. Ndinalephera ngakhale kupemphera. Pakamwa panga pamangotuluka kuti, "Adada Chiuta, Adada Chiuta."

Ndiye ndinamuona akubwera. Munthu yemwe uja, akuthamanga motsimphina, akuterereka, akudzuka, bulangeti likuuluka. Ndipo ndikuuzeni chinthu chochititsa manyazi? Ngakhale pamenepo, ine ndinaganiza kuti wabwera kudzatimaliza. Ndinayang'ana ngati zitseko zili zokhomabe.

Sanapite ku chitseko. Anafika kutsogolo kwa galimoto, nadziponya chafufumimba pa boneti. Thupi lake lonse analiika pamenepo, ndipo ndinamva matayala akutsogolo akukhazikika pansi. Munthu amene ndimafuna kumugunda ndi boneti yomweyo, abale, anagona pa boneti yomweyo kuti isadzuke. Galimoto ikanapita, ikanapita naye.

Bwana anagwira chitseko kuti atuluke akakoke ana. Munthu uja anamenya galasi ndi chikhatho, akukuwa m'chinenero chawo, akuloza bwana, akuloza ine, akuloza pansi. Sitinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma tinamva zonse: inu awiri akutsogolo musasunthe, kulemera kwanu ndi kumene kwagwira galimotoyi. Kenako anatembenuza mutu naimba likhweru lalitali cha kuphiri. Posakhalitsa anatsika amuna ena awiri, ovala chimodzimodzi, nkhope zobisa chimodzimodzi. Apo m'pamene maso anga anatseguka. Kumtunda kwawo kunali nkhosa. Anali abusa a nkhosa, ndipo kumeneko aliyense woweta amavala choncho chifukwa cha mphepo. Munthu uja anaona kuti pokhota paja paundana, nasiya nkhosa zake kudzaima pa msewu kuti achenjeze alendo. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine mnansi wanga ndinamuthamangitsa ndi galimoto.

Mmodzi wa awiri aja anakweranso pa boneti. Winayo anaima pa windo la bwana, akukodola ana. Ndinatsitsa galasi la mbali ya bwanayo. Madamu anayamba kukankha Wezi pang'onopang'ono pakati pa mipando, anadutsa pa miyendo ya bambo ake, natulukira pa windo. Galimoto inalira pa miyala paja. Kenako Tawonga. Kenako madamu, ndipo amayi inu mukudziwa kuti kudutsa pakati pa mipando si zinthu za munthu wamkulu, koma anadutsa. Bwana anatuluka. Ine ndinali womaliza.

Nthawi yonseyo munthu woyamba uja anali chigonere, nkhope yake ndi yanga zitatalikirana ndi galasi lokha. Maso ake anali pa ine. Ndinayembekeza kuona mkwiyo. Munalibe. Amangogwedeza mutu pang'ono ngati akunena kuti, tiye, tuluka, ndagwira. Bondo la thalauzi lake linali litang'ambika, magazi akuoneka.

Nditaponda pansi ndinakhala pa msewu pomwepo. Oweta aja anatuta miyala ikuluikulu kuunjika pa boneti kuti amene anagonapo atsikepo. Wezi anali akunjenjemera osatha kulira, ndipo munthu uja anavula bulangeti lake namufunditsa, iye n'kutsala ndi juzi yong'ambika pa mphepo imene ija. Patapita nthawi inafika lole ya anthu okonza msewu, anamanga tcheni, natikokera pa tala. Galimoto inaphwanyika pansi ndi kumbuyo, koma inayaka.

Tsono pamene tinali pa piringupiringu wa tcheni uja, wina akukuwa uku, wina uku, ine ndinali kukonza mawu mumtima. Ndimati ndipite ndikagwade, ndimugwire mwendo wovulalawo, ngakhale asamve chinenero changa aone misozi. Nditatembenuka, Wezi anali atavala jekete la bambo ake, bulangeti palibe. Ndinayang'ana kuphiri. Anali ali kutali kale, anthu atatu ofunda mabulangeti akutsatira nkhosa, mmodzi akutsimphina. Ndinakuwa, mphepo inabweza mawu anga.

Tinakafika kumene timapita, lole ija ili patsogolo pathu. Ana anatsetsereka pa chipale chawo chija, anagwa, anaseka, anajambulitsa. Anandikakamiza nanenso kuvala timatabwa tija, ndipo zimene zinachitika musandifunse m'nyumba ya Mulungu. Koma ine mtima sunali pamenepo. Bwana amauza aliyense kuti dalaivala wathu ndi katswiri, anaigwira galimoto kuti isagwe. Ine ndimangoti zii. Pobwerera ndinayenda pang'onopang'ono pa malo aja, ndinaima, tinafunsa. Oweta anali ambiri, onse mabulangeti, onse nkhope zobisa. Ukafunsa ndani, dzina sukulidziwa?

Ndinabwera nacho chinthu chimenechi mpaka ku Mzuzu, chikundidya. Sabata yatha ndinalephera kupirira. Ndinapempha bwana ndi madamu kuti tikhale pansi, ndinati, "Bwana, mwakhala mukunditama pachabe. Munthu uja anatiimitsa tisanafike pokhota. Ine ndinamuona, ndinakhoma zitseko, ndinawonjezera liwiro. Amene anaika ana anu pa phompho ndine. Ngati ntchito yatha, yatha, koma bodza ili ndatopa nalo."

Amene anayankha si bwana, ndi madamu, akulira. Anati, "A Nyirenda, nanenso ndinamuona. Mumtima ndimati, Ambuye, asaime, asaime. Mutaponda moto ndinati zikomo Yesu." Bwana anatigwira manja tonse awiri, tinagwada pa simenti ya pakhonde pawo, tinapempha chikhululukiro limodzi. Ndipo Lolemba m'mawa anandipatsanso makiyi kuti ndikasiye ana kusukulu.

Tawonga, Wezi, taimirirani anthu akuoneni. Aoneni abale. Awa anali lende pamwamba pa phompho, lero ali m'tchalitchi ndi madiresi awo. Si luso langa. Luso langa ndi limene linawaika kumeneko. Ine ndinathawa thandizo, Mulungu analithamangitsa pambuyo panga, likutsimphina.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandibwezere monga mwa kunyada kwanga. Ndikuthokoza bwana ndi madamu. Ndikuthokoza inu amene munatipempherera tikunyamuka. Koma pali mmodzi amene sindinamuthokoze, ndipo sindidzamupeza. Dzina lake sindilidziwa. Nkhope yake sindinaione. Tikakakumana kumwamba ine ndikamudutsa osamuzindikira, koma iye akandidziwa, chifukwa anandiyang'ana nthawi yonse ija pa galasi. Ndiye chimene ndinalephera kunena pa phiri paja ndichinene pano, Mulungu amene akudziwa khola lake akamufikitsire: yewo chomene, adada. Pepani, ndipo yewo chomene.

Mpingo wa Mulungu, imirirani mundithandize, pakamwa panga pokha sipakwanira. Amayi, nthungululu zija zili kuti? Kondwerani nane, tinapita asanu, tabwera asanu. Aleluya! Ameni.