Mtondo wa ku Champhira

Pa depoti ya Mzimba Boma, mphunzitsi wina wochokera ku Dedza ankamvera nyimbo pa foni. Mayi amene anakhala naye pa benchi anasendera pafupi.

"Adada, kwezaniko pang'ono. Amenewo si Ana a Chigafa?"

"Ndi omwewo, mayi. Ine amandisangalatsa kwabasi. Banjo ya chigubu, mawu atatu ogwirizana, basi. Koma ng'oma yawoyi sindinaimvepo kwina."

"Si ng'oma imeneyo, ndi mtondo. Anyamatawa ndi akwathu ku Champhira. Anayamba ndi kuimba pamaliro, kenako n'kumajambula nyimbo m'chigafa cha fodya. Atapita ku Lilongwe, wa situdiyo anati achotse mtondo, aikemo ng'oma za pakompyuta. Mbwenu ananyamula banjo yawo n'kubwerera."

"Anachita bwino! Nanga nyimboyi ikuti chiyani? Chitumbuka chimandivutabe."

"Ndi nyimbo ya pamtondo. Kwathu mkazi akakhala ndi chodandaula, amachiimba akusinja. Iyi ikufunsa mwamuna amene anapita ku Joni ngati akukumbukabe njira ya kwawo."

"Mwaidziwa bwanji chonchi?"

"Amene akusinjayo ndine. Anandipeza ndikuimba, n'kupempha kuti ajambule. Ndinakana chomene, koma ana aja ndi aulemu, ndinalolera."

"Aa! Ndiye amuna anuwo anaimva?"

"Inayenda m'mafoni mpaka ku Joni komweko. Anzawo ankachita kuwaimbira kuntchito."

"Ndiye anati chiyani?"

"Adada, mukuyesa chitenje chatsopanochi ndavalira kudzachingamira ndani?"