Kumene Azakhali a Pina Akafere

Nditabwerako kunja patatha zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ndinapeza m'holo ya kanema akugulitsiramo matayala, pabwalo lovinira Loweruka patamera udzu, ndipo chokha chimene chinapita patsogolo kwathu kuno kunzimbe za Queensland ndi kofera: masiku ano munthu amene madokotala amulephera amachita kusankha nyumba yokadikiriramo imfa ngati akusankha nsapato. Masana amenewo azakhali athu a Pina, amene anauzidwa kuti nyengo yodula nzimbe saimaliza, anali pakhonde ndi khofi wawo, ndipo mng'ono wanga Renzo, munthu amene wakalambira pasikelo yoyezera nzimbe kufakitale, anayala patebulo chipepala cholemba mizeremizere.

"Azakhali, nyumba zake ndi ziwiri, ndipo zonse ndakaziona ndi maso angawa. Ya Asisitere kuseri kwa tchalitchi apa, ndi ya kampani kumzinda, ulendo wa maola awiri. Chilichonse ndachipatsa malikisi."

"Malikisi! Ine ndikufa, iwe uli pamayeso."

"Choyamba, anamwino. Kwa Asisitere namwino mmodzi amaona odwala atatu. Kumzinda mmodzi amaona khumi ndi mmodzi."

"Wa kumzindayo amakhala nawe nthawi yaitali bwanji?"

"Ndinayeza pawotchi. Mphindi zinayi. Amalowa, amakutembenuzani, amatuluka."

"Osakhalako pansi?"

"M'chipindamo mulibe mpando."

"Eyaa," azakhali anatero, nkhope itawala. "Pitiriza."

"Ndawapatsa awiri pa khumi."

"Wawamana ana a eni."

Renzo anawayang'ana pamwamba pa magalasi, kenaka anatsitsa chala pamzere wachiwiri.

"Chachiwiri, kukhazikika kwa antchito. Kwa Asisitere palibe amene wagwira zaka zochepera khumi. Onse ndi a konkuno, amakudziwani. Wamkulu wawo ndi Loretta, mwana wa malemu bambo Carmelo Patane."

Kapu ya azakhali inachita gobede pambale.

"Loretta akadali komweko? Sanapume?"

"Wati akupuma chaka chamawa, koma inu mukabwera akusamalirani yekha. Wati adzakhala pambali panu kufikira mapeto."

"Mayo ine!"

"Inenso zinandikhudza."

"Nanga kumzinda?"

"Kumeneko n'zachisoni. Amasintha mwezi ndi mwezi, kampani imachita kuwabwereka kwina. Amene ndinalankhula naye anali atayamba Lachiwiri. Dzina lanu lakuti Musumeci analiyesa katatu, n'kungoti, 'agogowo.'"

"Mwana wolera bwino ameneyo. Mlendo ndi mame, Renzo, dzuwa likatuluka wapita, ndipo wapita ndi zonse zimene wamva."

"Za mame sindinaike papepala. Ndiike?"

"Ika mutu wakowo."

Azakhali anasambitsa odwala kwa Asisitere zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. M'mabuku amene ndinathera nawo maso kunja kuja anthu amafa akunena zanzeru. Kwathu kuno amafa akutchula maina, ndipo theka la zimene tauni ino imadziwa za eni ake linatuluka pachipata cha Asisitere lili m'kamwa mwa azakhali. Tsopano inafika nthawi yawo yogona pabedi lomwelo, makutu ali a ena.

"Iwe," anatero akutsitsa mawu, "ukudziwa zimene mofini amachita kwa munthu?"

"Amapha ululu. Chachitatu n'chomwecho. Kwa Asisitere samana, mukangobuula akubayani."

"Amamasula lilime, chitsiru iwe! Ndinaona ndi maso anga mkulu wa mpingo akuuza mkazi wake kumene kuli ana ena atatu. Ndinaona mai wa kwaya akuitana dalaivala wa basi, mwamuna wake atamugwira dzanja."

"Mwaona? Ndiye kuti samva ululu. Munthu womva ululu saitana basi."

"Ine sindikufuna kulankhula."

"Simukakamizidwa. Koma Loretta wati odwala ambiri amamasuka okha tsiku lachiwiri, ndipo iye amamvetsera osaphonya liwu. Anachita maphunziro ake a zimenezo, satifiketi ili pakhoma."

"Satifiketi ya miseche! Ife tinkachita popanda pepala."

"Chachinayi, alendo. Kwa Asisitere nthawi iliyonse, angabwere angati. Amai a Chikatolika amadzaimba Lachiwiri ndi Lachisanu."

"Amaimba ndi pakamwa, makutu ali pa iwe. Ndinaimba nawo ine, ndikudziwa ndime imene amatsitsa mawu kuti amve bwino."

"Kumzinda alendo ndi awiri basi, ola limodzi, ndipo poimika galimoto palibe. Ine ndinazungulira kasanu."

"Apatse khumi."

"A poimika galimoto?"

"Onse!"

Kasitima ka nzimbe kanadutsa kuseri kwa mpanda, kakulira ngati kale, ngakhale masiku ano sikapeza wokaimikira dzanja. Renzo anadikira kuti kathe, anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Azakhali, ndaona kuti mukuopa. Musachite manyazi, imfa aliyense amaiopa."

"Imfa? Ndaisambitsa imfa zaka zonsezi, ndikuidziwa mpaka kumsana. Tamvera. Tiyerekeze kuti pali mkazi wina."

"Dzina?"

"Alibe dzina."

"Ndiye sangamulandire. Fomu imafuna dzina."

"Tikuyerekeza, Renzo!"

"Chabwino. Ndilemba ndi pensulo."

"Usalembe kanthu! Mkazi ameneyu mwamuna wake amagwira kufakitale. Nyengo yodula ikafika, kutuluka m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka, thupi lonse fungo la manyuchi, kudya, kugona."

"Ngati malemu amalume a Alfio."

"Ngati munthu aliyense. Ndiye pakhomopo pampu ya madzi imavuta. Kumabwera munthu kudzaikonza."

"Ngati yanu ija! Bambo Carmelo ankabwera Lachitatu lililonse. Amalume ankati mmisiri wodzipereka ngati ameneyo sanamuone, zaka zisanu ndi chimodzi osatopa nayo pampu imodzi."

"Eya. Tsopano mkazi uja wakalamba, amugoneka pabedi, amubaya mofini, ndipo wakhala pambali pake ndi mwana wa mmisiri uja. Wamva?"

Renzo anasisita chibwano. Ndinaganiza kuti mwina zalowa.

"Ndamva," anatero. "Koma musadandaule. Kwa Asisitere madzi ndi a m'mipope ya boma. Pampu kulibe."

Azakhali anayang'ana kudenga, komwe ndikhulupirira amaganiza kuti kuli Mulungu ndi mlongo wawo, bambo athu.

"Achimwene, mwana uyu munamutola kuti? Mutu anamupatsa wongovalira chipewa."

"Chipewa ndasiya m'galimoto. Ndikatenge?"

"Khala pansi. Lemba, ndi bolopeni tsopano. Ndikupita kumzinda."

"Kumene ndapereka malikisi khumi ndi anayi pa makumi asanu?"

"Komweko."

"Chakudya chimabwera chouma ndi chisanu, amangotenthetsa. Ndinalawa. Analemba kuti nsomba, koma ndinafunsa anthu awiri, wina anati nkhuku."

"Ndikupita kukanenepa ngati?"

"Wansembe amabwera kamodzi pamwezi."

"Ndimamudziwa?"

"Ayi, ndi wa ku Vietnam, komanso samva bwino."

"Woyera mtima ameneyo. Lemba."

Renzo anaika bolopeni pansi. Anapukuta m'maso, ndipo ndinakumbukira kuti amai athu atamwalira anatilera ndi azakhali omwewa, ndipo amene anatsala kumawadulira kapinga zaka zonsezi ndi iye, osati ine.

"Mukafa nokha, azakhali. Belu mukaliza, pobwera munthu papita theka la ola. Ine mwina ndidzakhala ndikuzungulira kunja kufuna poimika galimoto."

"Mboni n'za paukwati, mwanawe. Pakufa munthu safuna mboni."

"Ine ndimafuna ndidzakugwireni dzanja."

"Udzaligwira litazizira, silithawa." Anamusisita pamkono, kenaka anamumenyapo pang'ono. "Pinda chipepalacho, ukuchinyowetsa."

"Kwatsala mzere umodzi."

"Ndasankha kale."

"Koma ndinaujambula. Sindingasiye mzere wopanda kanthu."

"Ha! Nena msanga, khofi wazizira."

"Chachisanu, zina zapadera. Kumzinda kuli wailesi yakanema, koma yokanikira pamasewero a akavalo. Kwa Asisitere ayambitsa za mabuku. Kumabwera mai wina wodzipereka ndi kamakina kojambula mawu. Wodwala amangolankhula, iye n'kulemba zonse, n'kusindikiza buku la moyo wake. Limodzi la abale, lina kulaibulale."

Azakhali anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Kulaibulale! Kale miseche inkafa ndi mwini wake, lero akuiika chikuto. Zonse zimene munthu wanena ali ndi mofini?"

"Zonse, sachotsa. Ndinafuna kuona ngati ntchito yake ndi yabwino, ndiye Loretta anandibwereka la bambo ake."

"La ndani?"

"La bambo Carmelo. Anafera komweko chaka chatha, inu muli kuchipatala ndi chiuno chija. Analankhula masiku asanu ndi anayi. Masamba zana limodzi ndi khumi ndi awiri, mapepala olimba bwino, zolakwika ziwiri zokha."

Azakhali anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Loretta analiwerenga?"

"Tauni yonse. Kulaibulale anthu akuchita kulembetsa maina, makamaka chifukwa cha mutu wachisanu ndi chiwiri."

"Muli chiyani?"

"Akazi. Anawatchula mmodzimmodzi, ndi chaka chake, ndi malo. Loretta akuti poyamba analira, kenaka anaseka mpaka kudwala nthiti."

"Ndiye anthu onsewa akhala akundipatsa moni pa Misa chaka chathunthu, akudziwa?"

"Akudziwa chiyani?"

"Tchula mainawo."

"Sindinaloweze onse. Mai a kupositi ofesi. Mkazi wa dokotala wa ziweto. Awiri a kwa Zammit, pachibale pawo, chaka chimodzi. Mphunzitsi wa zosoka. Mai wina wa kusitolo ya nsapato amene ankanunkhira malalanje."

"Rita? Wamano otuluka uja?"

"Za mano sanalembe. Anamupatsa masamba anayi."

"Anayi! Pitiriza."

"Wa kubanki, wa kuhotela ya pakona, ndi ena asanu. Onse pamodzi khumi ndi atatu."

"Pitiriza."

"Basi."

"Basi bwanji?"

"Atha."

"Unawerenga bwino iwe? Masamba ena amamatana."

"Ndinawerenga kawiri, ndikunyowetsa chala. Kumapeto kulinso mndandanda wa maina motsatira zilembo."

"Pa M pali chiyani?"

"Mario, mbale wawo. Mphero ya shuga. Musumeci."

"Ehee!"

"Musumeci Alfio, tsamba makumi anayi."

"Alfio?"

"Anawayamika kwambiri. Akuti munthu wofatsa, wosakayikira mnzake. Pampu ijanso ilimo, masamba awiri. Akuti inali ya ku Germany, yolimba, vuto linali kamphira kamodzi kokha."

"Pampu masamba awiri. Rita anayi." Mawu a azakhali anatsika mpaka pansi pa tebulo. "Nanga mkazi wa Alfio?"

"Alimo, musadandaule."

"Pati chiyani?"

Renzo anatulutsa kabuku m'thumba la malaya, anatsegula, anakonza magalasi.

"Ndinakopera, poti ndi za pabanja. Akuti: 'Mkazi wake, dzina ndaiwala, ankandipatsa khofi.'"

Ntchentche inatera pashuga, palibe anaiingitsa. Azakhali, amene kwa mwezi wathunthu ankachita kunyamulidwa popita kubafa, anadzuka okha pampando, osagwira ndodo.

"Khofi."

"Sanati woipa, azakhali."

"Lachitatu lililonse. Zaka zisanu ndi chimodzi. Nzimbe za kuseri kwa shedi zinkachita kugona pansi, Alfio n'kumati ndi mphepo. Ndinataya ndolo za amai anga m'munda umenewo! Ndakhala zaka makumi asanu ndikumeza mawu pamaliro, paubatizo, paukwati wa Loretta yemweyo, kusunga ulemu wa galu ameneyo, iye n'kukapatsa kamphira masamba awiri?"

"Kamphira ndi pampu pamodzi. Kamphira pakokha ndi ndime imodzi."

"Fufuta zimene walembazo."

"Ndi bolopeni, munanena nokha."

"Ng'amba! Imbira Asisitere, uwauze kuti ndikubwera Lolemba. Chipinda chachikulu chija cha pakona, chimene mawu amamveka mpaka kukhitchini. Mofini asamuyeze ndi supuni. Mai wa kamakinayo abwere ndi mabatire a sabata ziwiri, ndipo Loretta asadzuke pampando ngakhale kukakodza."

Renzo anayang'ana chipepala chake, anayang'ana azakhali, anandiyang'ana ine.

"Koma azakhali, kumeneko anthu akamva zonse zimene mukanene."

"Nanga ndikukaferanji kumeneko ngati sakamva?"