Tsiku Limene Abwana Anandimva Ndikuyankhula Chichewa

Ndikupatseni moni nonse omvera. Ndine mayi wa ku Mulanje, ndimaphika mu lesitilanti ina ku Morningside kuno ku Durban. Pantchito ndinkangoyankhula Chizulu, poopa kuti akadziwa kwathu andichotsa.

Tsiku lina mchimwene wanga anandiimbira foni. Iyeyu amaperekeza alendo okwera phiri la Mulanje, koma ankadandaula kuti alendo sakubwera, ndiye akufuna kunditsatira kuno. Ndinadziiwala, n'kuyamba kumukaniza mokweza m'Chichewa. Potembenuka, ndinangoona abwana anga, bambo achizulu, ataima pakhomo la khitchini.

"Sisi, tabwera ku ofesi," anatero.

Eish! Mumtima ndinati basi, ntchito yatha.

Nditalowa, anandionetsa chithunzi cha phiri lathu pafoni. "Ndakumva ukutchula Mulanje. Kwanu ndi uku? Mkazi wanga akufuna tikakwere phirili. Akuti ife sitifunika viza, n'zoona? Nanga msewu wodzera ku Tete uli bwanji?"

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinawafotokozera za mizere ya pa Beitbridge ndi pa Mwanza, kenako n'kuwapatsa nambala ya mchimwene wanga.

Anapitadi pagalimoto, banja lonse. Pobwera anadandaula za maenje ndi kuchedwa pamalire, koma phirilo analitama kwa aliyense. Anzawo a kutchalitchi nawonso apitako, ndipo mchimwene wanga sakambanso zobwera ku Joni.

Inu a maboma athu, gwirizanani, konzani misewu, fupikitsani mizere ija. Alendo akamafika kwathu mosavuta, abale athu azidyera pakhomo pawo.