Mutu Wometa Mbali Imodzi

A Laurenti Namakhwa, kalaliki wa kampani ina ya ku Makata amenenso ankalembera masewero gulu la zisudzo la ku Zingwangwa, anali atalengeza paliponse kuti Loweruka kuholo ya tchalitchi kudzakhala sewero lawo loyamba la nthawi ya matipate, losadulidwa ndi munthu aliyense. Lachinayi linawapeza pakhonde, masewero ongoyambidwa ali mbwee, lomalizidwa palibe, ndipo mpamene anatulukira Venansio, kondakitala wa minibasi yemwe ankatenga mbali zikuluzikulu m'gululo, munthu wosadziwa kuti mawu ena amangonenedwa.

"Odi, achimwene. Ndimete kapena ndisamete?"

"Khala pansi, mphwanga, wafika bwino. Kwandibwerera sewero lina! Mayi wogulitsa makala ku Nancholi akuyambitsa chipani chake, ndiye mwamuna wake..."

Venansio anavula chipewa. Kumanja mutu unali mpala wowala ngati dzira, kumanzere tsitsi lili lonse, lakuti chipeso chikanathyokeramo.

"Mayo ine! Wakutani ndani?"

"Inuyo. Lolemba munati ndikhala mkaidi wotuluka kundende, ndimete mpala. Lero ndili pampando wa ometa, makina afika pakati pa mutu, akubwera Sheila wa m'gulu lathu kuti mwasintha, ndikhala mneneri wa kuphiri amene lumo silinamkhudzepo. Ndinangoti, akulu, imani pomwepo."

"Ndiye wayenda choncho kuchokera kumsika?"

"Ndagwiranso ntchito choncho. Anthu akukwera minibasi yathu ngakhale siyopita kwawo. Ndiye mundiuze, ndimalize kumeta kapena ndidikire limere?"

"Limera pofika Loweruka?"

"Mukalamula ndiyesetsa."

A Laurenti anaimirira, chala m'mwamba, monga ankachitira pamisonkhano ya gulu anthu akayamba kuodzera.

"Ine sindilamula munthu. Kodi tinavotera chiyani ife? Zipani zambiri! Nthawi ya chipani chimodzi inapita, nthawi ya sewero limodzi inapitanso. Ndikasankha la mkaidi ndapondereza la mneneri. Ndikasankha la mneneri, mayi wamakala uja alira. Onsewa ali ndi ufulu."

"Ndiye Loweruka tichita onse?"

"Onse ali ndi ufulu, ndatero."

"Chabwino. Mbuzi ifika mawa."

"Mbuzi yanji?"

"Ya sewero la mlandu wa mbuzi, lija munanena Lachiwiri m'mawa. Ndabwereka kwa malume ku Bangwe. Imadya mapepala, ndiye awa muwasamale."

"Aaa, iwe! Lija ndinkangoganiza mokweza!"

"Munaganiza mokweza kwambiri, ndinamva. Nalo bokosi lifika mawa lomwelo."

"Bokosi?"

"La maliro. La sewero la phungu uja anthu anamuvotera atamwalira kale, la Lachiwiri madzulo. Ndawauza akalipentala adzalisiye pano."

"Pano? Pakhomo panga pano?"

"Eya. Anandifunsa kuti ndi la ndani, ndinati a Laurenti sanasankhe wofa."

A Laurenti anakhala pansi mwadzidzidzi. Anaona m'maganizo mwawo bokosi likutsika pangolo, aneba akuthamangira ndi zitenje m'chiuno, mayi akunyumba akuwayang'ana ndi diso lija. Koma chimene chinawavuta kwambiri si bokosilo ayi. Mapepala oitanira anthu anali atamatidwa kale mpaka m'mitengo ya ku Chilomoni, dzina lawo lili m'zilembo zikuluzikulu, ndipo abwana awo a ku Makata anali atanena kuti abwera ndi banja lonse. Mantha anawagwira, ndipo munthu wamantha akakhala wamakani amangokweza mawu.

"Vuto la inu achinyamata simudziwa luso! Mutu wanga uli ngati msika wa Ndirande, zonse zilimo!"

"Kumsika munthu amagula chimodzi n'kumapita, achimwene."

"Usandiphunzitse!"

"Sindikuphunzitsani, ndikufunsa. Kale munkamaliza bwanji? Chaka chilichonse sewero linkatuluka."

"Kale? Usandikumbutse za kale iwe! Ndinkanyamula mulu wa masewero kupita nawo kwa a Rafaeli, bambo aja ankayang'ana masewero asanaonetsedwe. Cholembera chofiira m'manja! Ili ayi, likunyoza akuluakulu. Ili ayi, muli tambala wodwala. Ili ayi, anthu akuseka malo osayenera. Ndinkabwerako ndi limodzi lokha, lopanda ndi mano omwe."

"Ndiye munkatani nalo?"

"Ndinkalimaliza, ndikanatani? Ndi misozi!"

"Anthu osabwera?"

"Osabwera bwanji? Holo inkadzaza, ena ankaonera pawindo!"

Venansio anakanda mbali yatsitsi ija, poti ndi kumene kunali kokanda.

"Ndiye amene ankakusankhirani ndi a Rafaeli."

"Ankandipondereza!"

"Eya, ndi zomwezo. Akakuponderezani, kunkatuluka sewero. Chisiyireni kukuponderezani, chatuluka ndi mutu wangawu."

"Tuluka! Choka pakhomo panga! Ukulankhula ngati munthu woti sanavote!"

"Ndinavota, achimwene. Anandiuza kuti ndisankhe chipani chimodzi."

Anatenga chipewa chake nayamba kutsika masitepe, poti anauzidwa kuti achoke. A Laurenti anayang'ana mkaidi, anayang'ana mneneri, anayang'ana mayi wamakala amene anali asanapatsidwe ndi dzina lomwe. Onse ankawakonda, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anali atafika tsamba lachitatu. Anatsokomola.

"Venansio."

"Wawa."

"Kodi bambo aja ali kuti masiku ano?"

"A Rafaeli? Ntchito inawathera. Amagulitsa kaunjika pamsika."

"Sikuti ndikuwafuna."

"Sindinatero."

"Ndikungofunsa. Mdani umayenera kudziwa kumene ali." Anasuzumira kumsewu, kenako anatsitsa mawu. "Cholembera chija akadali nacho?"

"Ali nacho. Amalembera mitengo ya majekete."

"Tamvera. Upite kumeneko, koma usadzere pasiteji ya minibasi, kuli anthu olongolola. Uwauze abwere nacho. Aletse onsewa, asiye limodzi. Asandimvere chisoni, ngakhale ndilire. Koma usanene kuti ndakutuma ndine."

"Ndinene kuti wandituma ndani?"

"Mbuzi ya malume ako! Tathamanga!"

Venansio sanathamange. Anangoima, chipewa m'manja.

"Ndadzerako kale, achimwene. Benchi lawo lili pafupi ndi ometa, ndiye atandiona chonchi anandiitana, ine n'kuwafotokozera zonse."

"Zonse?"

"Mpaka bokosi. Akuti pepani, iwo saletsanso kanthu. Dziko linasintha, aliyense ali ndi ufulu. Moti nawonso alemba sewero."

"A Rafaeli? Sewero?"

"Lomalizidwa mpaka kumapeto. Akuti ngati Loweruka holo ilibe ntchito muwabwereke, mapepala oitanira anthu musavutike nawo, angofufuta dzina lanu. Mutu wangawu aukonda. Akuti ndikhala phungu wa zipani ziwiri, ndisamete."

A Laurenti anadzuka, mapepala a mkaidi ndi mneneri akugwera pansi.

"Munthu uja? Munthu wosatha kulemba ngakhale uthenga wa maliro? Nzeru zake wazitenga kuti?"

Venansio anavala chipewa chake bwinobwino, kuti mbali zonse zibisike.

"Akuti sanavutike ayi. Angolumikiza zija ankakudulani."