Apongozi Ali Bwino

Mayi ena anasamukira kudziko lakunja, kwa mwana wawo wamkazi, ali ndi mapilisi a miyezi itatu, ndipo tsopano anali atatsala asanu ndi anayi. Matenda awo ndi aja thupi limadziukira lokha, chitetezo n'kumadya mfundo za mwini wake, ndipo mankhwala ake amalemba katswiri yekha. Mwana wawo anali ku ntchito, choncho pa benchi ya chipatala fomu yosankhira odwala ofunika kuonedwa msanga anaigwira mkamwini, munthu woyeza mankhwala ku fakitale, amene chiyambire sanawonjezepo kadontho pa chimene wauzidwa.

"Funso loyamba, amayi: mukumva bwanji lero?"

"Ndili bwino, kaya inu bambo?"

Mkamwini analemba kuti ali bwino.

"Ululu, kuyambira ziro mpaka teni?"

Mayi anayang'ana kukhoma. Iwo kubuula pamaso pa mkamwini? Anati pali ena akuvutika koposa, alembe wani.

"Mumatha kuvala nokha?"

"Bambo, zimenezo mkamwini safunsa."

"Si ine, ndi fomu."

"Ndiye fomuyo inaleredwa kuti?"

Mkamwini anachonga kuti palibe vuto lomwe lanenedwa. Za kusamba mayi anangokhosomola. Za kuchimbudzi anasuntha mpaka kumapeto kwa benchi. Iye anawerengera mapointi mosamala, nawauza mwaulemu kuti malinga ndi mayankho awo katswiri adzawaona pakatha miyezi isanu ndi itatu.

"Miyezi ingati?"

"Isanu ndi itatu. Ndinu athanzi kuposa ine."

"Fufutani."

"Ndifufute zomwe mwanena nokha? Limenelo ndi bodza, amayi."

Apa ulemu unathawa. Mayi anayiwala zoyang'ana kukhoma, namuyang'ana m'maso koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Maso muli nawo ngokongoletsa nkhope? M'mawa uliwonse ndimatha maola awiri zala zisanawongoke. Botolo la mapilisi ndimatsegula ndi mano. Mpango uwu wandimanga ndi mkazi wanu, ngati khanda. Masitepe a nyumba yanu ija ndimatsika chokhala, inu mukadya n'kupita. Mwezi wathunthu mdzukulu wanga sindinamunyamule, kuopa kumugwetsa. Ndipo zala izi zikanakhala zogwira, khutu lanulo bwenzi lili m'manja mwanga!"

Mkamwini anali atatembenuza fomu, akulemba kuseri, mawu ndi mawu.

"Mukulembanso chiyani?"

"Zomwe mwanena. Khutu lakumanja kapena lakumanzere?"

Mayi asanamulande pepalalo, ndipo sakanatha, namwino anafika n'kulitenga. Anawerenga kutsogolo, nagwedeza mutu. Anawerenga kuseri, nayang'ana zala za mayiwo, kenako khutu la mkamwini, n'kulowa mkati mofulumira. Atabwerako anapereka kakhadi: katswiri adzawaona Lolemba m'mawa.

Anatuluka, mayi patsogolo, mkamwini kumbuyo ndi chikwama. Manyazi anawagwira mayi, koma mtima unali utatsika. Pa chitseko anaima, nayang'ananso kukhoma monga kale.

Mkamwini anapepesa, nalonjeza kuti Lolemba apempha mkazi wake awaperekeze, iye asawakwiyitsenso.

"Ayi, bambo," anatero mayi motsitsa mawu. "Mwana wanga amandilemekeza, andiphetsa. Mubwere inuyo, ndipo muyambe kundikwiyitsa tikadali m'basi."