Mudzi Umene Ndinkajambula Sunali Wathu

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa ndi akulu a mpingo, zikomo pondipatsa mpata. Ambiri mumandidziwa. Ndine Lekisoni, uja wa zithunzi, amene amayala nsalu zake pamsewu wokwera kuphiri, pafupi ndi ogulitsa mabulosi. Lero ndaimirira pano ndi manyazi. Mawu akandithera panjira, mundipirire.

Dzanja Mulungu anandipatsa, zimenezo sindingabise. Ndikagwira burashi, phiri limatuluka pansalu ndi nkhungu zake zomwe. Ndipo ndinkadzimva, abale. Ndinkadzimva! Ndinapeza nyumba ya lendi ku Chikamveka, ndinakwatira, ndinayamba kuvala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Wondifunsa kwathu ndinkamuuza kuti ndine wa m'tauni muno. Bodza. Kwathu ndi m'tsinde mwa phiri lomweli, mbali ya ku Domasi. Ukanyamuka wapansi m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu wafika. Bambo anamwalira ndili wamng'ono. Amayi anandilera ndi nkhuni. Ankakwera phiri, kutola nthambi za paini, kumanga mtolo wautali kuposa iwo, n'kutsika nawo kukagulitsa m'tauni. Pensulo yanga yoyamba inagulidwa ndi nkhuni zimenezo.

Ndinkajambula midzi, chifukwa alendo amakonda midzi. Koma mudzi wake uti? Ndinali ndi mudzi umodzi m'mutu, ndinkangoubwereza. Nyumba zitatu zaudzu. Mlambe pakati. Amayi atatu atasenza mitsuko, opanda nkhope. Nthawi zina ndinkaikanso njovu kumbuyo. Njovu, abale! Kwathu njovu anaionapo ndani? Koma zinkagulidwa, ine n'kumati ndine katswiri.

Loweruka lina panaima galimoto yoyera. Munatsika mayi wina wa ku Blantyre, wonunkhira, magalasi ali pamphumi. Anakonda zithunzi zanga, ine Chingelezi chayamba kutulukira m'mphuno. Pocheuka ndinaona amayi akutsika ndi mtolo. Anautula pambali pa msewu, thukuta lili kamukamu, n'kubwera ndi kajumbo m'manja.

"Leki, wadya kodi? Ndakusungira chinangwa."

Mayi wa galimoto uja anafunsa, "Awa ndi amayi anu?"

Abale, ndikanati inde, ndikanataya chiyani? Koma ndinati, "Ayi, ndi amayi ena ake a nkhuni. Amakonda kuvutitsa anthu pano."

Petro pokana Ambuye ankaopa imfa. Ine ndinkaopa chiyani? Magalasi?

Amayi anamva. Anaika kajumbo kaja pamwala, anakonza nkhata, n'kukaima pafupi ndi mtolo wawo. Amayi amene muli muno mukudziwa, mtolo wotero munthu sadzitwika yekha. Anadikira. Anadikira ndithu. Ine maso pa zithunzi. Anadzawatwika ndi mayi wogulitsa mabulosi, ine mwana wawo ndili chiimire.

Kuyambira tsikulo amayi anasiya kudzera pamsewu. Ankatsikira kanjira ka m'nkhalango, koterera. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, mtima wanga unapepuka. Unapepuka, abale! Zaka zisanu ndi ziwiri kwathu sindinapondeko.

Chaka chatha, nthawi ya mvula, amalume anandiimbira foni. Anati, "Amayi ako agwa kumunda. Mbali imodzi yafa." Amayi atatuluka m'chipatala, adokotala anati azibwera pafupipafupi kudzawongola ziwalo, ndiye anayenera kukhala m'tauni. Amene anati "abwere kwathu kuno" ndi akazi anga, osati ine.

Amayi anagona pabalaza pathu. Sankadandaula. Ndikawapatsa madzi ankati, "Zikomo kwambiri, ndakuvutitsani," ngati ali m'nyumba ya eni. Kenako anayamba kukana chakudya. Phala kulawa supuni ziwiri, basi. Thupi linayamba kutha tikuona. Akazi anga anandikokera panja.

"Bambo a kunyumba, amayiwa si matenda okha. Mtima wawo uli kumudzi. Tikachedwa tiwataya. Inu si mumajambula? Ajambulireni kwanu, azikuona."

Ndinati imeneyo si ntchito. Ndinatenga chithunzi chokongola koposa mwa zanga zija, n'kuchipachika pakhoma.

"Amayi, kumudzi uku."

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Lilime linali lolemera, koma mawu ndinawamva onse.

"Mudzi wa kuti uwu?"

"Wathu, amayi."

"Mjigo uli pati? Nandolo ali kuti? Ndi manda omwe mulibe. Anthu a mudzi uno safa?" Anatseka maso. "Chotsani, mukagulitse."

Ndinatenga nsalu yatsopano kuti ndijambule kwathu kwenikweni. Masiku atatu, abale. Masiku atatu ndili ndi burashi m'manja. Khomo la nyumba ya amayi limayang'ana kuti? Sindikukumbukira. Mango ali kumanja kapena kumanzere? Sindikukumbukira. Dzanja likangoyenda, mlambe uja watuluka. Ndinakwera phiri masana, ndinakakhala pafupi ndi damu la Mulunguzi, ndinalira ngati mwana. Ndinati, "Ambuye, ine ndine wa kuti? M'tauni ndine wa lendi. Kumudzi ndinakukana. Amayi akupita, ndipo ndilibe chowasonyeza." Sindinamve mawu ochokera kumwamba, ndisakunamizeni. Koma miyendo inandiuza kuti nyamuka.

M'mawa mwake ndinamanga nsalu ndi utoto, ulendo wa kwathu. Anandilandira ndi mayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi. Anathamangira kwa aneba kukabwereka mpando wapulasitiki. Anauika pansi pa mango, anagwada chapatali, n'kuwomba m'manja.

"Takulandirani, alendo."

Abale anga onse anakhala pamphasa. Ine ndekha pampando. Kuseri ndikumva nkhuku ikuthamangitsidwa. Inu mukudziwa, mwana wa pakhomo sabwerekeredwa mpando, saphedwera nkhuku. Amalume anafika ndi khasu paphewa, anandipatsa moni ndi manja awiri.

"Kaya alendowa achokera kuti? Ulendowu ndi wabwino?"

Zinandilasa. Ndinatsika pampando paja, ndinakhala padothi ndi jekete yanga yomwe. Ndinanena zonse. Za galimoto yoyera, za chinangwa, za mtolo. Amalume anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Tinamva kalekale," anatero. "Osati kwa amayi ako, iwo sanatsegulepo pakamwa. Anatiuza ndi wa mabulosi. Iwe, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Sukulu yonse ija sanakuuze?"

Kenako anatembenukira kuseri n'kukuwa, "Nkhukuyo itayeni, palibe mlendo pano!" Mayi aang'ono anabweza mpando kwa eni ake. Pobwera anati, "Vula chijekete chakocho, ukamangirire mbuzi." Abale, chibadwire sindinakondwerepo ndi kutumidwa ngati tsiku limenelo.

Ndinakhala sabata yathunthu. Ndinajambula zimene maso akuona. Nyumba ya amayi ndi malata ake adzimbiri. Khitchini yopendekeka, yochirikizidwa ndi mtengo. Khola, mjigo, nandolo m'mphepete mwa munda. Mitengo yowirira ya kumanda, kumene kunagona agogo. Phiri kumbuyo, mmene limaonekera kwathu, osati mmene limaonekera kwa alendo. Aliyense wodutsa ankandikonza. "Mango amenewo sali pamenepo." "Ineyo mwandipatsa mphuno ya ndani?" Ine katswiri uja ndinkafufuta, n'kuyambiranso.

Ndinabwerera ku Chikamveka ndi chithunzi chatsopanocho. Akakananso ichi, nditani? Ndinachiimika kumiyendo kwa mphasa yawo. Amayi anayang'ana. Anakweza dzanja lamoyo lija, n'kuyamba kuloza. "Apa kwa mng'ono wanga. Apa pamjigo." Atafika pakhitchini anaseka, kukamwa kuli kopotoka choncho. "Siinagwebe?" Kenako chala chinaima pamalo ena, pakati pa nyumba yawo ndi ya mayi aang'ono. Panalibe kanthu. Ndinangopakapo dothi lofiira, chifukwa ndi mmene ndinapapezera, poyera, popanda udzu.

"Apa ukudziwa ndi pa ndani?"

"Ayi, amayi."

"Ndi pako. Amalume ako anafuna kudzalapo nthochi, ndinakana. Chaka chilichonse ndimalambulapo. Nditagwa ndinauza mng'ono wanga kuti asalole udzu umere."

Chaka chilichonse, abale. Zaka zonse zisanu ndi ziwiri zija. Ine ndikuuza anthu kuti ndine wa m'tauni, munthu akulambula malo anga ndi khasu. Ndinagwada, ndinagwira mapazi awo. Ndinati, "Amayi, ndinachimwa. Ndikhululukireni." Anandigwira mutu.

"Iwe Leki, ndinakukhululukira ndisanafike m'munsi mwa phiri. Koma zinawawa, mwanawe. Zinawawa." Atatero anaitana akazi anga. "Apongozi, phala lija lilipo?"

Tsiku limenelo anamaliza mbale yonse. Alemekezeke Mulungu!

Lero sindikuuzani kuti ndalemera, ayi. Ndikadali pamsewu womwe uja. Ndimajambula midzi imene ndapondamo ndi mapazi anga, ndipo ena amayang'ana n'kudutsa, akuti malata adzimbiri sakongola pakhoma. Ziwalo za amayi sizinabwerere zonse. Amayenda ndi ndodo, dzanja lamanzere silinyamula kanthu. Koma ali moyo, ndipo anabwerera kwawo. Manyazi sanandithere. Ndikaona mayi ataima pafupi ndi mtolo, ndimathamanga kukamutwika. Achinyamata muli muno, ngati kwanu kuli munthu amene mukumubisa, musadikire foni ya amalume.

Chilimwe chathachi ndinaumba njerwa, tinaotcha, tinayamba kumanga pamalo paja. Khoma lafika pamawindo. Denga palibe, chitseko palibe, pansi ndi dothi. Akazi anga amaseka, akuti ndi khola la mbuzi lokhala ndi mawindo. Koma mayi aang'ono anandiuza kuti m'mawa uliwonse amayi amalowamo, amatsamiritsa ndodo pakhoma, n'kusesa ndi dzanja limodzi lija. Akawaletsa amati, "Mwini wake angabwere lero."

Ndikatuluka muno ndikupita komweko. Zikomo Ambuye Yesu. Zikomo abale pondimvera. Amen.